Funsani Malume: Rufaro Ikulitsidwe, Kapena Tiyambe Taidzaza?

Makalata a mwezi uno ambiri ndi a mpira, choncho za malowolo ndi za ziphaso zidikire kaye. Ena mwalemba Chichewa chosakaniza ndi Chishona. Ndakonzako pang'ono pokha, kuti agogo anu a ku Dedza akawerenga amve.

Malume, ine ndimakhala ku Matapi, ku Mbare mu Harare. Chigoli chikalowa ku bwalo la mpira la Rufaro timamva tili pakhomo. Tsiku la Dynamos ndi CAPS United, kapena Highlanders ikabwera kuchokera ku Bulawayo, anthu amakhala ali mbwee panja mpira utayamba kale. Ineyo tsiku lina ndinanyamuka mochedwa, chigoli ndinachimvera kuseri kwa mpanda. Bwanji osangolikulitsa bwaloli kuti muzilowa anthu 60,000 ngati National Sports Stadium? Tikachuluka, si ndiye kuti phokoso lichulukanso?
*Wa DeMbare (Dynamos), Mbare*

Mphwanga, choyamba uzinyamuka msanga. Munthu wa ku Matapi kuchedwa ku Rufaro, anzako a ku Chitungwiza ndi ku Norton atakhazikika kale, n'zochititsa manyazi.

Ku funso lakolo ndikuti ayi, ngakhale ndikudziwa kuti a pa Vietnam, sitandi ya ochemerera Dynamos ku Rufaro, sandipatsa moni Lamulungu likubwerali. Pamapepala Rufaro amati mumalowa anthu pafupifupi 35,000. Takhala pansi uwerenge masewero a ligi a chaka chonse, undiuze ndi angati omwe bwalo linadzaza mpaka munthu kusowa poponda. Masabata enawo, kukabwera timu ya ku Kariba kapena ya ku migodi, utha kugona chagada pa sitandi osagunda munthu. Komatu bwalo lopanda anthu limafunabe kusesedwa, kuthiriridwa, kulondedwa ndi kupentedwa. Ndalama yake imachokera ku khonsolo ya mzinda, ndipo ya khonsoloyo imachokera m'thumba mwako momwemo. Walira mvula walira matope.

Bwalo lomangidwira anthu 60,000 tili nalo kale, ndipo latiphunzitsa zambiri. Anatimangira ndi a ku China, linatsegulidwa mu 1987, mu 1995 n'kuchitikirako All-Africa Games. Likadzaza limaopsa, sindikana. Ife amene tinaona Dream Team, timu ya dziko la Zimbabwe ya kochi Reinhard Fabisch, ikukwapula South Africa 4-1 mu August 1992, kapena Dynamos ya Sunday Chidzambwa ikulandira ASEC Mimosas mu ndime yomaliza ya CAF Champions League mu 1998, tikudziwa mmene simenti imanjenjemerera pansi pa mapazi. Koma kapiteko pa masewero wamba a ligi. Kagulu kali uku, kena kali uko, pakati pali mabenchi okhaokha. Wina akayambitsa nyimbo imafera panjira isanafike kwa anzake. Ochemerera ali ngati nkhuni za pa mafuwa: zochepa zomwezo ukazisonkhezera pamodzi nsima imapsa, ukazibalalitsa zimangofuka utsi.

Palinso mamangidwe ake. Ku National Sports Stadium pakati pa sitandi ndi kapinga pali njira ya othamanga, ndiye mawu ako asanafike kwa wosewera amakhala atatopa kale. Ku Rufaro wosewera wa alendo akapita kukatola mpira pafupi ndi Vietnam amamva chilichonse, mpaka za mtundu wa nsapato zake. Kufupikirana kumeneko ndiye chuma cha Rufaro. Chuma china ndi pamene bwalolo lakhala. Munthu amatsika basi pa Mbare Musika n'kuyenda wapansi, pamene ku bwalo lalikulu lija, uko ku msewu wa ku Bulawayo pafupi ndi Heroes Acre, ambiri a ife timakwera makombi awiri popita, awiri pobwera, nthawi zina pobwerapo kutada.

Nanga likulitsidwira kuti? Mbali zonse kuli misewu, nyumba ndi anthu a malonda. Kuwonjezera masitandi a pamwamba ndiye kuti kukumba maziko atsopano ndi kutsekanso bwalo kwa zaka. Waiwala kale zaka zija Rufaro inali yotseka isanatsegulidwenso mu 2024? Matimu a mu Harare anaunjikana ku National Sports Stadium mpaka kapinga anatha, ndipo mu 2023 Dynamos inafika pomasewerera masewero ake a pakhomo ku Barbourfields, kunyumba kwa Highlanders. Ine zimenezo sindikufuna kudzazionanso.

Chinamtindi chimene umachiona panja chija nthawi zambiri sichitanthauza kuti mkati mwadzaza. Vuto limakhala pa chipata. Ndinaimapo pa mzere pa bwalo lina, sinditchula dzina, ndikuonerera mmene zimayendera. Munthu apereka ndalama ya madola khumi. Wogulitsa matikiti alibe chenje, atembenuka kufunsa mnzake, mnzakeyo apisa m'thumba la malaya, atulutsa timadola tong'ambika, wogula akana kamodzi kuti aka sakalandira mu kombi. Atatha apo tikiti ing'ambidwe, kenako asechedwe. Nthawi yonseyo kumbuyo anthu akukankhana, wina chigongono chili m'nthiti mwako, mwana ali pa phewa la bambo ake akulira. Tiyeni tiwerengetsere mongoyerekeza. Chipata chimodzi chikamalowetsa anthu khumi pa mphindi, pa ola alowa 600. Zipata khumi, 6,000. Kuti alowe anthu 30,000 pafunika maola asanu, pamene ife tonse timafuna kufika 2 koloko itadutsa, mpira wa 3 koloko. Ukakulitsa masitandi zipata zili zomwezo, wangochulukitsa anthu omvera chigoli kuseri kwa mpanda.

Ndipo chipata sichingochedwetsa, chimapha. Pa 9 July 2000, Zimbabwe ikusewera ndi South Africa ku National Sports Stadium, anthu anayamba kuponya mabotolo Delron Buckley atagoletsa chachiwiri, apolisi anathira utsi wokhetsa misozi m'masitandi, ndipo anthu 13 anafa popondana pothamangira kutuluka. Kumudzi nako, pa 6 July 2017, ku Bingu National Stadium ku Lilongwe, bwalo latsopano la anthu oposa 40,000 lomwe linali litangotsegulidwa chaka chomwecho, anthu asanu ndi atatu, ambiri mwa iwo ana, anafera pa chipata chimene chinachedwa kutsegulidwa. Onse awiriwa ndi mabwalo aakulu, okongola pa chithunzi.

Ndiye atandipatsa ndalamayo ine, ndikulitsa zipata ndi njira zotulukira. Matikiti azigulidwiratu pa foni kapena m'masitolo mkati mwa sabata, pa chipata pazingokhala kuonetsa basi. Ndimanga zimbudzi zokhala ndi madzi. Ndiika denga pamwamba pa masitandi a anthu wamba, chifukwa denga limatchinga dzuwa la mu October komanso limabweza mawu kuti agwere pa kapinga m'malo mothawira kumwamba. Yotsalayo ndipita nayo ku Highfield kukadzutsa Gwanzura, yomwe yakhala zaka zambiri osachitikirako mpira wa ligi yaikulu. Kabwalo kakang'ono pakati pa nyumba za anthu, pafupi ndi Machipisa, kodzaza Loweruka lililonse, kangachite zambiri kuposa mipando ina zikwi makumi awiri ndi zisanu ku Mbare.

Achimwene, ife tinakulira pa simenti, tikuimba chiimire kuyambira likhweru loyamba mpaka lomaliza. Tsopano tikumva kuti a CAF, oyendetsa mpira mu Africa, akufuna aliyense azikhala pa kampando kakekake ka pulasitiki. Kodi mipando imeneyi siipha mpira? Nanga n'chifukwa cha mipando yokhayi kuti Warriors, timu ya dziko, izikalandirira alendo m'mayiko a eni?
*Mkulu mnzanu, Warren Park*

Achimwene, ndiyambe ndi funso lachiwirilo. Mu February 2020 CAF inanena kuti mabwalo athu sakuyenera kuchitikirapo masewero a mayiko, kuphatikizapo National Sports Stadium ndi Barbourfields. Inadzatilekerera kwa kanthawi, koma titatha kusewera ndi Ethiopia mu November 2021 chitseko chinatsekeka. Kenako FIFA inaimitsa dziko lathu kuyambira February 2022 mpaka July 2023, ndipo chilango chimenecho chinabisa manyazi a bwalo, pakuti panalibe woti tisewere naye. Titabwerera m'pamene zinaonekera poyera. Nigeria tinakailandirira ku Huye, m'dziko la Rwanda. Lesotho ku Orlando Stadium ku Johannesburg, Cameroon ku Kampala, Kenya ku Polokwane. Yopweteka kwambiri ndi ya mu October 2025, pamene tinali eni bwalo polimbana ndi South Africa, koma bwalo lake linali Moses Mabhida ku Durban. Anyamata anapeza malo ku AFCON ya ku Morocco osamenyapo mpira ngakhale kamodzi pamaso pa anthu a ku Harare. Zaka zonsezo ana athu Warriors amangoionera pa TV ndi pa foni.

Si mipando yokha ayi. CAF imayang'ananso zipata zamagetsi zowerenga munthu aliyense wolowa, zipinda zovalira osewera ndi oimbira, chipinda cha achipatala, malo a atolankhani, magetsi ounikira ndi kapinga. Koma mipando ndi imene imaonekera, ndipo cholinga chake chachikulu n'kuwerenga anthu, osati kusangalatsa msana wanu. Pa simenti inu ndi ine timadziwa mmene zimakhalira: "Tasenderani pang'ono, achimwene," ndipo pokhala anthu khumi pakhala khumi ndi asanu. Palibe amene amadziwa kuti m'bwalo muli anthu angati. Mpando suvomera kusendera. N'chifukwa chake bwalo likaikidwa mipando chiwerengero cha olowa chimatsika. Mphwanga wa ku Matapi uja amvenso pamenepa.

Kodi mipando imapha mpira? Angerezi anadutsamo. Pambuyo pa ngozi ya ku Hillsborough mu 1989, imene inatenga miyoyo ya ochemerera Liverpool 97, matimu a ligi zapamwamba analamulidwa kuti aliyense azikhala pa mpando. Ngozi zoterozo zinatha, koma ochemerera anadandaula zaka zambiri kuti mabwalo azizira. Mu 2022 analolanso kuimirira, koma mwa njira ina: mzere uliwonse uli ndi chitsulo chotsamira kutsogolo kwake, munthu aliyense ali ndi malo ake, ndiye a kumbuyo sangagwere a kutsogolo. Ku Germany kuimirira sanakusiye n'komwe. Ku Dortmund sitandi imodzi yokha kumaima anthu pafupifupi 25,000, yotsetsereka kwambiri, ya denga, ndipo matimu a alendo amaiopa.

Maganizo anga ndi awa. Ku National Sports Stadium zimene CAF ikufuna zichitike zonse popanda kukangana, chifukwa Warriors ndi ya pakhomo. Ku Rufaro, mipando iikidwe kumene kumakhala akuluakulu ngati ife, a mawondo olira, ndi kumene kumakhala mabanja. Pa Vietnam paikidwe zitsulo zotsamira, anthu aziimirira. Ndipo chimene ndimaopa ine si pulasitiki, koma nambala ya pa tikiti. Mukagulitsa mipando mwachisawawa, woyambitsa nyimbo apezeka kumpoto, wa ng'oma kum'mwera, ovomera atabalalika pakati pa anthu obwera kudzajambula zithunzi. Chigawo chimodzi chisiyidwe cha oimba okhaokha, ndipo wogula tikiti ya kumeneko azidziwiratu kuti sakakhala pansi.

China n'chathu ochemerera. Simenti sitinkatha kuizula timu ikagonja. Mpando umazuka, ndipo woyamba kuuponya m'bwalo adzakhala atatibwezera ku Huye.

Malume, ndife anyamata a ku Mufakose, a Makepekepe (CAPS United) tonse. Tili ndi ng'oma zitatu zimene timaimbira beni pa zikwati. Tikufuna tiyambitse gulu lochemerera m'Chichewa, chifukwa ku bwalo kumangomveka nyimbo zomwezomwezo. Tiyambire pati? Mnzathu wina akuti titengeko Gule tsiku la derby kuti a DeMbare aope.
*Anyamata a beni, Mufakose*

Kalata iyi yandikondweretsa, ngakhale mwasankha timu yobiriwira. Muli ndi poyambira pabwino. Ku CAPS United komweko n'kumene Joseph Kamwendo, mwana wa ku Malawi, anasewera mpaka kusankhidwa kukhala Soccer Star of the Year mu 2005, chaka chimene timuyo inatenganso ligi. Moses Chunga mpaka lero bwalo lonse limamutcha Bambo. Benjani Mwaruwari, amene anakafika ku Manchester City, makolo ake ndi ochokera kwathu. Ifenso tinabwezako: Kalisto Pasuwa, atatenga ligi kanayi motsatizana ndi Dynamos kuyambira 2011 mpaka 2014, anapita ku Blantyre n'kukaunjika zikho ku Bullets. Ndiye wina akakuuzani pa sitandi kuti Chichewa chikuchita chiyani pano, musayankhe ndi chibakera. Muonjezere mawu basi.

Za Gule ndithane nazo msanga: ayi. Gule ali ndi bwalo lake, ali ndi nthawi yake, pa maliro, pa chinamwali, pa ziliza, ndipo amatuluka akuluakulu a kudambwe atalola. Ku mpira kuli anthu oledzera ndi anthu osadziwa mwambo. Wina adzafuna kujambulitsa atakolowekera chilombo dzanja m'khosi, wina adzakoka nsanza, ndipo zotsatira zake mukuzidziwa. Kuno ku Harare anthu ena amatinena kale kuti Gule ndi woopsezera anthu. Inu mukamutenga kuti a DeMbare aope, mwawavomereza. Mnzanuyo akafunse agogo ake, amva zomwezi koma mokalipa.

Ng'oma zokha tengani. Musanapite, kaonaneni ndi komiti ya masapota a timu yanu mkati mwa sabata, kuti alonda a pa chipata adziwiretu, chifukwa ng'oma yofika mwadzidzidzi imatha kutsala panja pamodzi ndi mwini wake. Kumbukiraninso kuti ku bwalo simukasonkha moto wowambira. Ng'oma ya chikopa chokhomera ndi zikhomo ikazizira imalira ngati chidebe, makamaka miyezi ya June ndi July kamphepo kakayamba chigawo chachiwiri. Iwambeni kunyumba musananyamuke, phula likhale lomata kale, mukafika muigoneke chikopa chitayang'ana dzuwa mpaka mpira uyambe, ndipo pa nthawi yopuma muibwezere pa dzuwa pomwepo kapena muifunditse jekete. Ngati muli ndi ya zingwe, yokoka n'kumangitsa, imeneyo ndiyo ya ku mpira.

Pokhala, musapite kutsogolo kwenikweni pa waya. Mawu a ng'oma ya kutsogolo amathera m'bwalo, a kumbuyo kwanu osamva kugunda kwake, ndiye nyimbo imagawika pawiri, ena patsogolo ena pambuyo. Ng'oma zikhale pakati pa sitandi, chakumtunda pang'ono. Kutsogolo kuime woyambitsa nyimbo, atafulatira mpira, akuyang'ana anthu. Ntchito imeneyi ndi yowawa, chifukwa zigoli zambiri amazionera pa nkhope za anzake. Musankhe munthu wa mawu ndi wopirira, osati amene ali ndi jezi yokongola.

Nyimbo zikhale zazifupi. Mzere umodzi woyambitsa, mzere umodzi wovomera, basi, monga amachitira amayi pa chitelele. Wovomerawo ukhale wosavuta, woti Mshona wokhala pambali panu augwire ulendo wachiwiri ngakhale asakudziwa tanthauzo. Mukabwera ndi ndime zinayi ngati kwaya ya pa Pasaka, mudzaimba atatu nokha. Mayimbidwe a beni ndi abwino chifukwa ndi a paulendo, phazi limagwa lokha. Yambirani potsikira kombi, mulowe m'bwalo mukuimba kale, anthu adzakutsatirani okha.

Cholakwa cha magulu ambiri n'kuimba ng'oma mphindi zonse 90 osapuma, mpaka isanduke ngati chigayo cha pafupi ndi nyumba, chimene khutu limasiya kuchimva. Ng'oma iziyenda ndi mpira. Timu ikamakwera, kugunda kufulumire. Ikapeza kona, kuchite kuwirikiza. Wosewera akatsala yekha ndi goloboyi, siyani, bwalo lipume lokha, chifukwa "aaah" wa anthu zikwi palibe ng'oma ingamupose. Ndipo nthawi imene mukufunika koposa ndi pamene mwamwetsedwa chigoli. Pamenepo sitandi yonse imangoti zii, ena ayamba kutukwana kochi, osewera mitu ili pansi akubwerera pakati. Gulu limene limayambitsa nyimbo mphindi imeneyo ndilo gulu lenileni. Kuimba mukutsogola ndi zigoli ziwiri aliyense amatha. Mukadzapeza mpata wopita ku Barbourfields, mukaonerere mmene a pa Soweto, sitandi ya ochemerera Highlanders, amachitira. Ndi adani pa mpira, koma kuimba amakudziwa.

Chotsiriza, nyimbo zonyoza mtundu wa anthu kapena amayi a munthu musaziyambe ndipo musazivomere. Ife ana a obwera tikudziwa kuwawa kwa kuitanidwa mayina pa gulu. Komanso nyimbo zotere ndi zimene zimatsegulira njira miyala. Mu September 2023 masewero a Dynamos ndi Highlanders ku Barbourfields anathera panjira chigawo choyamba chisanathe, anthu atalowa m'bwalo. Zikatero chindapusa amalipira ndi timu, ndalama imene ikanagulira osewera nsapato, ndipo bambo amene anabwera ndi ana ake tsiku limenelo sabweranso.

Malume, mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Wandivutitsa kuti akufuna kukaonera mpira ku bwalo, koma bambo ake ali ku Johannesburg. Ine sindinapondeko chibadwire, ndipo zimene ndimamva zimandiopsa. Ndimutenge?
*Mayi wa ku Dzivarasekwa*

Mutengeni, mayi. Koma musayambire derby. Sankhani masewero a timu yake ndi timu yaing'ono, tsiku limene bwalo lili ndi mpata, kuti nonse awiri muphunzire njira. Fikani kukadali ola lathunthu kapena kuposerapo, mutakonzeratu ndalama yokwanira ndendende. Mukalowa, musathamangire kukhala. Imani kaye muone potulukira pali pati, mumuonetse mwanayo, mugwirizane malo amodzi okumanirana mukasochererana, ndipo nambala yanu ya foni ikhale pa kapepala m'thumba mwake. Khalani pafupi ndi kanjira ka masitepe, kutali pang'ono ndi a ng'oma, osati pa waya kutsogolo. Chipewa, madzi a m'botolo la pulasitiki, ndi kandalama ka maputi kapena chimanga chootcha, chifukwa kwa mwana wa msinkhu umenewo theka la mpira ndi chakudya.

Mpira ukatha musapikisane ndi gulu. Khalani pansi mphindi khumi kapena kuposerapo, adye maputi otsalawo, chipata chipepuke. Kukachitika chipwirikiti, kumene aliyense akuthamangira n'kumene kuli ngozi. Mugwireni dzanja, musunthire kumene kuli mpata, ndipo kukakhala utsi mumutseke mphuno ndi pakamwa ndi kansalu konyowa.

Chimodzi ndikuuzirenitu, popeza amuna sadzakuuzani: pitani kuchimbudzi musanachoke kunyumba. Mabwalo athu ambiri anamangidwa ngati kuti ku mpira kumapita amuna okhaokha, ndipo mkazi wanga anasiya kundiperekeza kalekale chifukwa cha nkhani yomweyi, osati chifukwa cha ndewu. Akuluakulu a mpira akamadandaula kuti anthu sakubwera amayang'ana mtengo wa tikiti ndi kaseweredwe ka timu, osaona kuti theka la mzinda analitsekera panja ndi chimbudzi chopanda madzi ndi chitseko. N'zomvetsa chisoni, chifukwa sitandi yokhala ndi amayi imamveka mosiyana. Nthungululu imapyoza phokoso lililonse, ndipo anyamata amachepetsa kutukwana akaona munthu wa msinkhu wa mayi awo ali pambali. Mukakazolowera, ulendo wina mudzatengeko anzanu a ku Chigwirizano kapena a kubungwe la maliro, mukakhale mzere umodzi.

Malume, bwanji matimu asalembe ganyu DJ wa masipika akuluakulu, aziika nyimbo mpira uli mkati? Komanso agawire aliyense vuvuzela ngati ku World Cup ya 2010.
*Mnyamata wa ku Tafara*

Mphwanga, DJ aziimba anthu akulowa, kuti ofika msanga asatope, ndi pa nthawi yopuma. Osewera akangotuluka m'chipinda, azimitse. Sipika ikalira anthu amasiya kuimba n'kuyamba kumvetsera, ndipo chizolowezi chimenecho chikakhazikika, tsiku limene magetsi adzathima bwalo lonse lidzakhala duu. Sipika ntchito yake ikhale kutchula mayina a osewera, kulengeza mwana wosochera ndi kuuza anthu chipata chimene chili ndi mpata.

Vuvuzela ndiye usandiyambe. Ilibe mawu oyambitsa, ilibe ovomera, siidziwa kuti timu ikutsogola kapena ikugonja, ndipo wosewera sangasiyanitse ya kwawo ndi ya alendo. Ngati unagula kale, bwera nayo, uziiliza chigoli chikalowa. Koma ukakhale mizere isanu kutali ndi anyamata a ku Mufakose aja, ndi mizere khumi kutali ndi ine.